Felix Wankel, mmisiri wa injini yozungulira amene sadakhalepo ndi laisensi

Pa 1 Febuluwale 1957, m'nyumba yoyeseramo mainjini ya kampani ya NSU mumzinda wa Neckarsulm ku Germany, mudalira injini imene idalibe pisitoni ngakhale imodzi. M'kati mwake mudalibe chitsulo chokwera ndi kutsika monga zikhalira mu injini ya galimoto, ya njinga yamoto kapena ya chigayo, zonse zinkangozungulira. Mwini nzeruyo adali Felix Wankel, bambo wa zaka 54 amene sadaphunzirepo payunivesite, amene masamu ankamuzunguza mutu, ndiponso amene mpaka tsiku la imfa yake sadakhalepo ndi laisensi yoyendetsera galimoto chifukwa maso ake sankaona patali.

Lero injini imeneyi imadziwika ndi dzina lake padziko lonse, ndipo okonda galimoto zing'onozing'ono zaliwiro amalitchula dzinalo mwaulemu. Komabe injini imene idalowa m'galimoto zawozo si ija idalira tsiku limenelo. Ndi mphwake, wopangidwa ndi munthu wina, ndipo Wankel sadamukonde.

Felix Heinrich Wankel adabadwa pa 13 Ogasiti 1902 m'tauni ya Lahr, m'chigawo cha Baden kumwera chakumadzulo kwa Germany. Adali mwana yekhayo wa Rudolf Wankel, amene ankagwira ntchito yaboma yoyang'anira nkhalango, ndi mkazi wake Gerty. Bambo akewo adafera kunkhondo m'chaka cha 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka kumene, ndipo mayi ndi mwana adasamukira ku Heidelberg. Sukulu sidamuyendere bwino mnyamatayo. Adadutsa m'masukulu a sekondale a ku Donaueschingen, Heidelberg ndi Weinheim, ndipo mu 1921 adasiya osatenga satifiketi yolowera kuyunivesite. Adakalowa ntchito kukampani yosindikiza mabuku ya Carl Winter, kumene ankaphunzira za malonda, n'kukhalako mpaka 1926.

Mphatso yake idali kwina. Wankel ankatha kuona m'mutu mwake mmene zitsulo ziwiri zingazungulirane popanda kugundana, asanazijambule n'komwe papepala. Iye mwini ankasimba kuti ali ndi zaka 17 adalota ali ndi galimoto ya injini yachilendo, theka lake ngati injini ya mapisitoni, theka linalo ngati gudumu lozunguzidwa ndi mphepo. Maloto otere amakoma akamasimbidwa munthu atatchuka kale. Chogwirika n'chakuti pofika 1924 iye ndi anzake adali ndi kashedi kuseri kwa nyumba ina ku Heidelberg kumene ankakonzerako ndi kuyesera makina, ndipo mu 1929 adalandira chiphaso chake choyamba cha umwini wa luso, chimene amati patent.

Chimene chinkamusowetsa mtendere pa injini wamba n'chosavuta kuchimvetsa. Pisitoni imagwira ntchito ngati munsi mumtondo: imatsika, kuima, kukwera, kuimanso. Injini ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, pisitoni iliyonse imaima ndi kubwerera kumene yachokera ka 200 pa sekondi imodzi. Kugwedezeka kwa injini kumachokera pamenepo, ndipo kuti kukwera ndi kutsikako kusanduke kuzungulira kwa matayala pamafunika ndodo zachitsulo, kirankishafiti, mavalavu, masipuling'i ndi zina zambirimbiri. Kwa Wankel imeneyi idali njira yokhotakhota yopitira pamalo apafupi. Ngati cholinga n'kuzunguza shafiti, moto ulekerenji kukankha chinthu chimene chikuzungulira kale?

Sadali woyamba kufunsa funso limeneli. Kuyambira nthawi ya mainjini a nthunzi, amisiri ambiri, kuphatikizapo James Watt, adajambulapo makina ozungulira, ndipo pafupifupi onse adapunthwa pa chinthu chimodzi, ndicho mpata. Mu injini ya mapisitoni kutsekereza mpweya n'kosavuta, chifukwa silinda ndi yobulungira ndipo maring'i amaigwira mbali zonse. Mu injini yozungulira muli ngodya, ndipo pangodya ndi pamene mpweya wotentha umathawira. Ukathawa, mphamvu yathawa nawo. Wankel adazindikira msanga kuti adzapambane ndi amene adzadziwe kutseka timipata timeneti. Zaka zoposa 20 za moyo wake zidathera pa ntchito yosatchukitsa munthu imeneyi: kupala tizitsulo topyapyala, kutichirikiza ndi masipuling'i, ndi kupeza njira yoti mpweya wofuna kuthawawo ulowe kumbuyo kwa kachitsulo n'kukakanikizira kukhoma, kotero kuti mpweyawo uzidzitsekera wokha khomo.

Koma mnyamata wa m'kashediyo adali ndi moyo wina umene mbiri yake singaulambalale. Asanakwanitse zaka 20 adali atalowa kale gulu lodana ndi Ayuda, ndipo mu 1922 adalowa chipani cha Nazi cha Adolf Hitler chikadali kagulu kakang'ono. Sadalowe mokakamizidwa kapena pofuna kuteteza ntchito, monga ambiri adadzanenera nkhondo itatha. Masiku amenewo kulowa chipanicho kudalibe phindu. Adakhazikitsa magulu a achinyamata amene ankawaphunzitsa zausilikali, ndipo mu 1931 mkulu wa chipanicho ku Baden, Robert Wagner, adamupatsa utsogoleri wa gulu la achinyamata a Hitler m'chigawo chonsecho.

Awiriwa sadamwerane madzi nthawi yaitali. Wankel ankafuna anyamata ophunzira nkhondo, Wagner ankafuna anyamata a ndale, ndipo mkangano udakula mpaka Wankel adamunena mkulu wakeyo poyera kuti ndi wakatangale. Adachotsedwa m'chipani mu 1932. A Nazi atatenga boma chaka chotsatira, Wagner adabweza chipongwe: Wankel adamangidwa mu Malichi 1933 n'kukhala m'ndende ya ku Lahr miyezi isanu ndi umodzi. Adatuluka mu Sepitembala chifukwa Wilhelm Keppler, mlangizi wa Hitler pa zachuma amene ankamudziwa kuyambira kale, adakamulankhulira kwa akuluakulu. Woimva mwachidule nkhani ya kumangidwaku angayese kuti Wankel adazunzika chifukwa chotsutsa a Nazi, pamene udali mkangano wa anthu a m'nyumba imodzi.

Zimene zidatsatira zikuchitira umboni. Mu 1936, chaka chimene adakwatira Emma Kirn, adasamukira ku Lindau m'mphepete mwa nyanja ya Constance, kumene unduna wa zandege wa Hermann Göring udamukhazikitsira malo ochitira kafukufuku ndi ndalama zaboma. Kumeneko ankapanga zotsekera mipata ndi mavalavu ozungulira a mainjini a ndege zankhondo ndi a mabomba oyenda pansi pa madzi, mogwirizana ndi makampani monga BMW ndi Daimler-Benz. Mu 1940 adalandiridwa m'gulu loopsa la SS ndi udindo waukulu, ngakhale kuti patatha zaka ziwiri adachotsedwamo. Luso limene lidadzatheketsa injini yake lidakhwimira pa ndalama za nkhondo ya Hitler.

Nkhondo itatha mu 1945, asilikali a dziko la France adamutsekera kwa miyezi ingapo, adaphwasula malo ake ogwirira ntchito, adalanda mapepala ake n'kumuletsa kuchita kafukufuku. Adayambiranso mu 1951, m'nyumba mwake ku Lindau, ndi thandizo la kampani ya Goetze yopanga maring'i a mapisitoni. Kenako adagwirizana ndi NSU, imene inkapanga njinga zamoto ndipo pakati pa zaka za m'ma 1950 idali yaikulu koposa padziko lonse pa malonda amenewa. NSU sinkafuna injini yatsopano. Inkafuna mavalavu ozungulira a njinga zake. Mkulu wa kafukufuku kumeneko, Walter Froede, ndiye adatchera khutu ku zinazo.

Mu 1954 Wankel adapeza chimene adakhala akufunafuna kuyambira ali m'kashedi: chitsulo cha ngodya zitatu, cha mbali zotukuka pang'ono, chozungulira m'chigoba chimene m'kati mwake mumaoneka ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri. Chitsulocho chikamazungulira, nsonga zake zitatu sizisiyana ndi khoma la chigobacho. Adachipeza pojambula ndi poyesa. Amene adadzafotokoza ndi masamu kuti mzere wa khomalo ndi wotani adali pulofesa wa ku Stuttgart, Othmar Baier.

Makinawo asanakhale injini adayamba agwira ntchito ngati mvukuto. Moto wa m'injini uli ngati wa m'chipala cha wosula: umayaka molingana ndi mpweya umene walandira. Injini wamba imadzikokera mpweya yokha, ndipo kukula kwa silinda ndiko kumaika malire a mphamvu yake. Mpweyawo ukachita kukankhidwira m'kati, mumalowa wochuluka, petulo wochuluka amapsa, ndipo kainjini kakang'ono kamagwira ntchito ya injini yaikulu. Chipangizo chokankha mpweya chikamazunguzidwa ndi injini yomweyo kudzera pa lamba, tcheni kapena magiya amachitcha supercharger. Chikamazunguzidwa ndi utsi wotuluka ku ekizozi amachitcha turbo. Chitsulo cha Wankel, popanda pulagi ndi petulo, chidali supercharger yabwino kwambiri.

Mu 1956 NSU idapita nacho ku Bonneville, m'chigawo cha Utah ku America, pachidikha cha mchere pamene akatswiri amayeserapo liwiro. Kainjini ka 50 cc, ka mtundu wa kanjinga kotchedwa Quickly kamene pamsewu sikankafika mphamvu ya akavalo awiri, kadaikidwa m'njinga yokutidwa ngati nsomba, imene woyendetsa ankachita kugonamo chagada. Ndi mvukuto wa Wankel kainjiniko kadatulutsa mphamvu ya akavalo pafupifupi 13, ndipo Hermann Paul Müller adafika makilomita 196 pa ola, liwiro limene injini ya msinkhu umenewo idali isanalifikepo. Patangopita theka la chaka, injini yeniyeni ija idalira ku Neckarsulm.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kotere. Chitsulo cha ngodya zitatu, chimene amakaniko amati rotor, chimagawa chigoba m'zipinda zitatu, ndipo pamene chikuzungulira chipinda chilichonse chimakula ndi kuchepa. Chipinda chikamadutsa pabowo lolowera chimakula n'kukoka mpweya ndi petulo. Kenako chimachepa n'kuzipanikiza. Chikafika pa pulagi moto umayaka n'kukankha rotor. Pomaliza chimadutsa pabowo lotulukira n'kulavula utsi. Ntchito zinayi zimene pisitoni imagwira motsatizana pamalo amodzi, muno zimachitikira pamalo osiyanasiyana, chipinda china chikukoka, china chikuyaka, china chikulavula. Mavalavu mulibe, popeza rotor yomweyo ndiyo imatsegula ndi kutseka mabowo podutsa.

Mu injini ya Wankel mwiniwake, yotchedwa DKM 54, rotor inkazungulira ndipo chigoba nachonso chinkazungulira, chilichonse pa mzere wakewake. Inkayenda mosalala modabwitsa, mpaka kufika maulendo 17,000 pa mphindi. Koma idali yovuta kupanga, yovuta kuziziritsa, ndipo mapulagi ake adali m'kati mwa rotor, moti wofuna kusintha pulagi ankayenera kuphwasula injini yonse. Palibe mwini galimoto akadalola zimenezo. Injiniya wina wa NSU, Hanns Dieter Paschke, adayamba mwakachetechete kupanga mtundu wina, Wankel osadziwa. Mu injini ya Paschke, yotchedwa KKM, chigoba chidaima chilili, ndipo rotor yokha ndiyo inkazungulira uku ikuyendayenda pa shafiti yokhala ndi nundu, shafitiyo n'kumazungulira katatu pamene rotor yazungulira kamodzi. Mapulagi adabwerera kunja kumene sipanala ingawafike. Injini yotere ya ma rotor awiri ili ndi zitsulo zikuluzikulu zoyenda zitatu zokha. Idalira koyamba mu 1958.

Wankel atamva adapsa mtima. Kwa iye rotor yoyendayenda idali kubwerera ku chisokonezo chomwe ankathawa, ndipo adadandaula kuti kavalo wake wa mpikisano amusandutsa wokoka pulawo. Komatu injini iliyonse ya Wankel imene idalowapo m'galimoto yogulitsidwa, kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero, ndi ya mtundu wa Paschke, munthu amene dzina lake amalidziwa ndi ochepa.

Kupsa mtimako sikudamuletse Wankel kulandira ndalama. Kampani ya ku America ya Curtiss-Wright idagula chilolezo chopangira injiniyo mu 1958, ndipo itaonetsedwa kwa mainjiniya ku Deutsches Museum mumzinda wa Munich mu Januwale 1960, makampani adachita kulimbirana. Daimler-Benz, Alfa Romeo, Porsche, Rolls-Royce, Nissan, Suzuki ndi Toyota onse adasaina, ndipo mu 1970 General Motors idalonjeza madola 50 miliyoni. Ambiri ankakhulupirira kuti masiku a pisitoni atha. Wankel, amene adasunga umwini wa luso lake m'kampani imene adakhazikitsa ndi mnzake wa zamalonda Ernst Hutzenlaub, ankadyapo gawo pa chilolezo chilichonse.

Galimoto yoyamba kugulitsidwa ndi injiniyi idali NSU Spider ya 1964, kagalimoto ka anthu awiri ka denga lopinda, kolemera makilogalamu pafupifupi 700. Injini yake ya rotor imodzi idali yaing'ono moti idabisala pansi pa malo oikapo katundu kumbuyo, koma inkatulutsa mphamvu ya akavalo 50. Kagalimoto kameneka kadaonetseratu kwawo kwenikweni kwa injiniyi: m'galimoto yopepuka, yofuna injini yaifupi, yosagwedezeka, yokondwera ndi kuzungulira mothamanga. NSU idayang'ana kwina. Mu 1967 idatulutsa Ro 80, galimoto yaikulu ya banja, yokongola ndi yotsogola moti idasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 1968 ku Ulaya. Eni ake ankaiyendetsa monga ayendetsera galimoto ya banja, pang'onopang'ono m'tauni, maulendo afupiafupi injini isanatenthe, ndipo tizitsulo ta pansonga za rotor, totchedwa apex seal, tinkadyeka msanga. Mainjini ena ankafa asanakwanitse makilomita 50,000. NSU inkawasintha mwaulere, ndipo ulemu umenewo udaidyera chuma. Mu 1969 idagwa m'manja mwa Volkswagen n'kuphatikizidwa ndi Auto Union. Kampani yotuluka pamenepo ndi imene lero ikutchedwa Audi. Ro 80 idapangidwa mpaka 1977, ndipo dzina la NSU lidathera pomwepo.

Tizitsulo tikanatha kukonzedwa, ndipo tidakonzedwadi. Mavuto ena adali achibadwa. Chipinda chimene moto umayakiramo ndi chachitali, chopyapyala, ndiponso chimayenda. Moto sufika msanga kumathero ake, choncho petulo wina amatuluka osapsa, ndipo kutentha kochuluka kumathawira m'makoma m'malo mokankha rotor. Mbali imodzi ya chigoba imakhala yotentha nthawi zonse, inayo yozizira. Kuti nsonga zisaume, injini imadontheza oyilo m'chipindamo n'kumuotcha dala. Zotsatira zake ndi injini yakumwa petulo kwambiri komanso ya utsi wovuta kuuyeretsa. Petulo ali wotchipa, izi zinkakhululukidwa. Koma kumapeto kwa 1973 maiko a Aluya adachepetsa mafuta otumiza kunja, mtengo udakwera pafupifupi kanayi, ndipo m'zaka zomwezo America inkakhwimitsa malamulo a utsi. General Motors idaimika ntchito yake mu 1974. Mercedes-Benz C 111, imene ndi ma rotor anayi idafika makilomita 300 pa ola mu 1970, sidagulitsidwepo. Citroën idafika poyesa kugulanso kwa eni ake galimoto zake za GS Birotor kuti ikaziphwanye.

Mphepo imeneyi idapeza Wankel atatuluka kale. Mu 1971, mbiri ya injiniyo ili pachimake, adagulitsa gawo lake pa mtengo wa ma mark 50 miliyoni, ndalama za ku West Germany. Wogula adali Lonrho ya Tiny Rowland, kampani ya ku London imene Amalawi achikulire amaikumbukira ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Rowland ankadziwika ndi kuchenjera pa malonda, koma apa adagula patangotsala zaka ziwiri kuti msika ugwe.

Imene idakana kugonja ndi kampani ya ku Hiroshima ku Japan, yotchedwa Toyo Kogyo masiku amenewo, imene lero ndi Mazda yodziwika m'misewu ya Malawi ndi ma Demio ndi ma Bongo. Mkulu wake, Tsuneji Matsuda, adagula chilolezo mu 1961 pofuna kudziteteza: boma la Japan linkalingalira zophatikiza makampani a galimoto m'magulu ochepa, ndipo iye ankafuna luso lakelake loti kampani yake isamezedwe. Injini itaikidwa pamayeso, zidapezeka kuti nsonga za rotor zimanjenjemera n'kukanda khoma la chigoba, mizere imene amisiri a kumeneko adaitcha zikhadabo za mdyerekezi. Mu 1963 Matsuda adapatsa Kenichi Yamamoto gulu la mainjiniya 47 kuti athane ndi vutolo. Adayesa zinthu zamitundumitundu, mpaka mafupa a ng'ombe, asanapeze yankho mu kaboni wosakaniza ndi aluminiyamu. Motero ntchito yotseka mpata, imene idali luso la Wankel, idakamalizikira ku Hiroshima. Pa 30 Meyi 1967 Cosmo Sport idatuluka, ya anthu awiri, ya ma rotor awiri, ya mphamvu ya akavalo 110, miyezi ingapo Ro 80 isanafike pamsika.

Vuto la mafuta lidatsala pang'ono kuipha Mazda, imene m'zaka zimenezo inkaika injiniyi m'galimoto za banja, m'mapikiapu ngakhale m'basi. Itapulumuka mothandizidwa ndi banki ya Sumitomo, idaphunzira chimene NSU idaphonya. Mu 1978 idatulutsa RX-7, galimoto yolemera pafupifupi tani imodzi. Popeza injiniyo ndi yaifupi, amisiri adaikhazika pansi kwambiri ndiponso kumbuyo kwa mzere wa matayala akutsogolo, kulemera kwa galimoto n'kugawikana pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Galimoto yotere pokhota imamvera chiwongolero msanga, ndipo woigula safunsa kaye za petulo. Ma RX-7 oposa 800,000 adapangidwa mpaka 2002.

Chidatsala ndi kufooka kwa injiniyi ikamazungulira pang'onopang'ono. Imafuna kuikalipitsa kuti ionetse mphamvu. Mankhwala adapezeka m'chilema chake chomwe. Utsi wa injini ya Wankel umatuluka wotentha kwambiri ndiponso mwaukali, popeza palibe valavu youtchinga, ndipo utsi wotere ndiwo chakudya cha turbo. Mu 1982 Mazda idagulitsa Cosmo ya turbo, chaka chotsatira RX-7 ya turbo ku Japan, ndipo RX-7 yachiwiri ya 1985 idabwera ndi injini ya 13B ya turbo. Makina amene adayamba ngati mvukuto wa injini ya ena tsopano adali ndi mvukuto wawo. Ukwati umenewu uli ndi zowawa zake. Mpweya wopanikizidwa umawonjezera kutentha mu injini yotentha kale, ndipo petulo akachepa pang'ono n'kuphulika nthawi isanakwane, kachitsulo ka pansonga kamathyoka, zidutswa zake n'kukanda chigoba ndi kuwononga turbo potuluka. Injini ya mapisitoni imayamba yagogoda pochenjeza. Iyi kawirikawiri imangofa.

Zonsezi Wankel ankaziona ali patali, ali wolemera ndi wolemekezeka. Yunivesite ya zaumisiri ya ku Munich idamupatsa digiri yaulemu ya udokotala mu 1969, boma la West Germany lidamuveka mendulo mu 1970, ndipo tauni ya Lahr, kumene adagonako m'ndende, idamupatsa ulemu wa nzika yolemekezeka mu 1981. Mbiri ya zaka zake za m'chipani cha Nazi idadzafukulidwa mokwanira ndi olemba mbiri iye atamwalira kale. Ankayenda pa Ro 80 ndi pa Mercedes imene idaikidwa injini ya ma rotor anayi, koma atakhala pampando wa wokwera, dalaivala ali pachiwongolero. Ku Lindau ankathera nthawi pa maboti aliwiro otchedwa Zisch amene ankawayesa panyanja ya Constance. Iye ndi mkazi wake, amene adamwalira mu 1975, adalibe ana. Chikondi chake chachikulu chidali pa nyama. Ankadana ndi kuyesera mankhwala pa nyama zamoyo, ndipo mu 1972 adakhazikitsa mphotho ya akatswiri ofufuza njira zochepetsera mchitidwewu, imene ikuperekedwabe mpaka pano. Chifundo chotere chimadabwitsa mwa munthu amene unyamata wake udathera m'magulu odana ndi Ayuda.

Mu 1986 adagulitsa malo ake a kafukufuku ku Daimler-Benz. Adamwalira ku Heidelberg pa 9 Okutobala 1988 ali ndi zaka 86, ndipo adaikidwa m'manda a Bergfriedhof mumzinda womwewo.

Tsiku lalikulu la injini yake lidafika iye atagona m'manda zaka pafupifupi zitatu. Pa 23 Juni 1991, Mazda 787B ya ma rotor anayi, yopanda turbo, idapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ku France, itazungulira bwalolo ka 362 ikuyendetsedwa mosinthana ndi Johnny Herbert, Volker Weidler ndi Bertrand Gachot. Mpikisano umenewu umayesa kupirira pamodzi ndi liwiro, ndipo injini imene makampani adaitaya chifukwa chosakhalitsa ndiyo idafika kumapeto ili bwinobwino pamene Mercedes imene inkatsogola idatentha n'kuima. Kadali koyamba kuti kampani ya ku Japan ipambane kumeneko, ndipo palibenso injini ina yopanda mapisitoni imene idapambanako. Kumapeto kwa chaka chomwecho kudabwera RX-7 yachitatu, ya ma turbo awiri olandizana ntchito: yoyamba imayamba kupopa injini ikadali pansi, yachiwiri imalowerera ikafika maulendo pafupifupi 4,500 pa mphindi. Kuchokera mu 1,308 cc inkatulutsa mphamvu ya akavalo 255, pambuyo pake 280, m'galimoto yosafika makilogalamu 1,300.

Malamulo a utsi adapitiriza kukhwima. RX-8, yopanda turbo, idapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012, ndipo itatha padadutsa zaka 11 Mazda osagulitsa galimoto yatsopano ya injini ya Wankel. Mu 2023 idaibweza m'galimoto yamagetsi ya MX-30: rotor imodzi ya 830 cc, yosalumikizidwa ku matayala, imene ntchito yake ndi kuzunguza jenereta yotchaja batire.